Kodi ma stem cell achiza shuga? Yankho kwa mayi wa ku Zomba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba, dzina ndasunga. Mwana wawo wamkazi wa zaka 9 anapezeka ndi shuga wa mtundu woyamba chaka chatha, ndipo amabayidwa insulini m'mawa ndi madzulo. Mlamu wawo wa ku Joni anawatumizira kavidiyo pa WhatsApp konena kuti ku America anthu akuchira shuga ndi ma stem cell, koma boma la kumeneko linkakaniza ndalama chifukwa maselowo amachokera ku miluza ya anthu. Akufunsa kuti: "Kodi ndi zoona? Nanga anachedwetseranji chinthu choti chipulumutse ana athu? Ndipo ine monga Mkhristu, ndi bwino kuyembekezera mankhwala otere?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Mwana wa achemwali anga naye ndi wa jakisoni, choncho tulo tomwe mumasowa ndikutidziwa. Zambiri zomwe munamvazo n'zoona, koma kavidiyoko kanadumpha zina zofunika kwambiri kwa inu.

Mu kapamba muli timagulu ta maselo otchedwa beta, omwe ntchito yawo ndi kupanga insulini. Kwa mwana wanu, chitetezo cha m'thupi chinasokonekera n'kuwaukira ngati adani. Si shuga wa mu tiyi amene anayambitsa zimenezi, ndipo si kulakwa kwanu. Madokotala anaganiza kalekale kuti ngati maselo afa, bwanji osaikamo ena? M'chaka cha 2000, gulu la James Shapiro ku Edmonton, m'dziko la Canada, linaika maselo ochokera mu kapamba wa anthu omwalira mwa odwala 7, ndipo onse anasiya kaye jakisoni. Vuto linali loti opereka ndi ochepa, ndipo nthawi zambiri wodwala mmodzi ankafuna akapamba awiri. Pankafunika munda wolimamo maselo.

Mundawo unaoneka mu 1998, pomwe James Thomson wa ku yunivesite ya Wisconsin anakwanitsa kusunga ndi kuchulukitsa maselo ochokera ku mluza wa munthu wa masiku pafupifupi asanu. Maselo amenewa, omwe ndi ma stem cell aja, amakhala asanasankhe ntchito: akhoza kusanduka a mtima, a ubongo, kapena a kapamba. Miluzayo inali yotsala ku zipatala zothandiza mabanja osowa mphatso ya mwana. Koma potenga maselowo mluza umawonongeka, ndipo mkangano wonse wagona pamenepo.

Kuyambira 1996, lamulo la ku America limaletsa kugwiritsa ntchito ndalama za boma pa kafukufuku wowononga miluza. Pa 9 Ogasiti 2001, Pulezidenti George W. Bush analamula kuti boma lizilipira kafukufuku wa magulu a maselo okhawo omwe anali atatengedwa kale pofika tsikulo. Odalirika anatsala 21 okha. Aphungu anayesa kawiri kumasula lamuloli, mu 2006 ndi 2007, koma Bush anakana kusaina. Anthu a ku California sanadikire: mu 2004 anavota kuti chigawo chawo chibwereke madola 3 biliyoni othandizira kafukufukuyu. Barack Obama ndiye anadzachotsa malire a Bush mu Malichi 2009.

Onetsetsani apa, Mayi. Kafukufukuyo sanaletsedwe, chomwe chinakanizidwa ndi ndalama za misonkho. Koma zimenezo zinali zokwanira kumanga anthu manja. M'malabu ena ankachita kumata zizindikiro pa firiji ndi pa maikulosikopu, kuti chogulidwa ndi ndalama za boma chisakhudze maselo atsopano. Kuli ngati kuuza munthu kuti phika, koma poto ndi mthiko wa m'nyumba muno usagwire.

Munthu amene amandikhudza mtima pa nkhaniyi ndi Douglas Melton wa ku yunivesite ya Harvard. Ankafufuza za kakulidwe ka achule, mpaka mwana wake wamwamuna anapezeka ndi shuga ali ndi miyezi 6 yokha, kenako wamkazi nayenso. Anasiya achulewo. Anafunafuna ndalama kwa mabungwe omwe si a boma, n'kupanga magulu ake a maselo, ndipo anawagawa kwa ofufuza anzake. Zinamutengera zaka zoposa 10 kuti apeze ndondomeko yotsogolera selo, pang'onopang'ono, mpaka lisanduke beta weniweni. Analengeza mu 2014. Kampani yomwe anayambitsa inagulidwa ndi kampani ya mankhwala ya Vertex mu 2019 pa mtengo wa madola 950 miliyoni, ndipo wodwala woyamba analandira maselowo mu 2021. Mu Juni 2025 zotsatira zinatuluka: mwa anthu 12 omwe analandira mlingo wonse, 10 anali atasiya insulini patatha chaka. Nditawerenga ndinaimbira achemwali usiku womwewo.

Tsopano zomwe kavidiyo sikananene. Anthuwo anali akuluakulu, osati ana, ndipo anasankhidwa chifukwa shuga wawo ankatsika moopsa osazindikira. Maselo atsopanowo thupi limawaona ngati alendo, choncho wodwala ayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo tsiku ndi tsiku. Pa kafukufukuyu anthu awiri anamwalira, mmodzi ndi matenda oumitsa khosi a cryptococcus, omwe ife kuno timawadziwa bwino kwa abale athu omwe chitetezo chawo chinatsika. Kusinthanitsa jakisoni ndi chiopsezo chotere kwa mwana wa zaka 9, kuno komwe malungo ndi TB zili pakhomo, palibe dokotala wanzeru angavomere lero.

Funso lanu la chikhulupiriro sindikulipeputsa. Mpingo wa Katolika ndi mipingo ina yambiri imaphunzitsa kuti moyo umayamba pomwe mayi waima, ndipo anthu otsutsa kafukufukuyu sanali ouma mtima. Ine maganizo anga ndi akuti mluza wotsala, woti ukanatayidwa, womwe makolo ake apereka mwaufulu, ndi bwino uthandize odwala kusiyana n'kungotayidwa. Inu mukhoza kuona mosiyana, ndipo kambiranani ndi abusa anu. Koma dziwani kuti pali njira ina. Mu 2007 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti selo la pakhungu la munthu wamkulu likhoza kubwezedwa ku ukhanda popanda kukhudza mluza, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Mu 2024 ofufuza a ku China analengeza za mtsikana wa zaka 25 wa ku Tianjin yemwe anasiya insulini atalandira maselo opangidwa kuchokera m'thupi lake lomwe. Ndi munthu mmodzi yekha, komabe khomo latseguka.

Chomwe chimandipweteka pa zaka zokanganazo ndi ichi: boma likachotsa dzanja, ntchito imathera m'manja mwa makampani, ndipo mtengo amatchula ndi iwo. Omwe anatulukira insulini ku Toronto mu 1921 anagulitsa umwini wake pa dola imodzi aliyense kuti aliyense aipeze, koma patha zaka zoposa 100 ndipo mwana wa kumudzi kwathu amavutikabe kuti aipeze. Nanga maselo a mabiliyoni adzafika liti ku Chingale?

Ndiye chonde, Mayi, akabwera anthu ogulitsa timapaketi ta ufa kapena makapisozi ati "a stem cell", n'kumati mwana asiye jakisoni, musawapatse ngakhale mpando. Selo silimwedwa ndi madzi. Mwana wa shuga wa mtundu woyamba akasiya insulini akhoza kukomoka m'masiku ochepa chabe.

Kwa achemwali kulibe firiji. Insulini amaiika m'kabotolo kotseka bwino, n'kukakwirira mu mchenga wonyowa mkati mwa mtsuko, pakona pozizira. Pali kakope komwe amalembamo shuga wa m'mawa uliwonse, ndipo m'thumba la yunifolomu ya mwanayo simusowa maswiti atatu. Aphunzitsi ake anauzidwa chochita akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Ngati a ku sukulu ya mwana wanu simunawauze, pitani Lolemba likubwerali, ndipo mutenge kakope kanu pa tsiku la kiliniki kuti adokotala aone manambalawo.