Mwendo ukakana, mutu umapitirizabe kuthamanga

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achemwali. Mwati mtsempha wa kuchidendene wavuta, a fizio, akatswiri othandiza ovulala minofu ndi mafupa, akuti musathamange kwa masabata 6, ndiye ngati zimenezo sizikukwana, dokotala wapezanso kuti magazi achepa. Mukufunsa kuti mutani kuti mutu usazungulire, komanso ngati mphamvu zomwe mwaunjika zaka zonsezi zithera pampando. Ndiyankha. Koma mwandikanda pachilonda, ndiye mundilole ndiyambe ndafotokoza zanga.

Zanga zinayambira pamsongolo wakumanzere. Kanali kaululu kochepa, pamalo poti n'kuphimba ndi chala chimodzi. Ndikangonyamuka kankamveka, ndikadutsa makilomita awiri kankazimiririka, ine n'kumati zatha. Patapita masabata angapo kanasiya kuzimiririka. Kenako kanayamba kundiperekeza mpaka kunyumba, usiku n'kumandigogoda m'kati mwa fupa. Vuto linali loti ndinali nditalembetsa kale mpikisano wa makilomita 21, ndipo ndinali nditauza aliyense wokhala ndi makutu. Kuuza anthu kumeneko n'komwe kunandipweteketsa. M'mawa wa mpikisano ndinameza ibuprofen, mankhwala ochepetsa ululu ndi kutupa, ndinathamanga, ndinamaliza, n'kujambulitsa ndi mendulo mano onse ali pamtunda. Mawa lake phazi linakana kuponda pansi.

X-ray yoyamba sinaonetse kanthu, ndipo ndinasangalala ngati mwana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mng'alu wamtunduwu, womwe amautcha stress fracture, nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'masabata awiri kapena atatu oyamba. MRI, njira ina yojambulira m'kati mwa thupi, ndiyo imaugwira msanga. A fizio anandikhazika pansi n'kundifotokozera zomwe ndinayenera kudziwa kalekale. Fupa n'lamoyo. Ukamalipatsa ntchito, thupi limayamba lagumula fupa lakale kenako n'kumanga latsopano lolimba, ndipo pakati pa kugumula ndi kumangako pamakhala nyengo imene fupalo limakhala lofooka kuposa poyamba. Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata ochepa, pamene mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi. Ndiye munthu umamva kuti mpweya ulipo, befu palibe, n'kumawonjezera makilomita pamene miyendo idakali kumbuyo. Mphamvu zako zomwe ndizo zimakupusitsa.

Anandipatsa masabata 8. Awiri oyambawo ndinayendera ndodo.

Palibe amene anandichenjeza za zomwe zimachitika m'mutu. Ndinkadzukabe nthawi yanga yomwe ija, kusanache, thupi litakonzeka koma kopita kulibe. Ndinkamva mgugu wa anthu othamanga akudutsa pamsewu, mpaka ena n'kumawazindikira ndi kapondedwe kawo. Ndinayamba kupsa mtima ndi zinthu zachabechabe, chitseko chosatseka, wailesi yokweza. Akunyumba anapirira, koma tsiku lina anandifunsa kuti wavulala ndi mwendo, nanga bwanji pakamwa pakuvulaza ena. Anzanga osathamanga ankati, “Ndiye mwapumako, si bwino nanga?” Ndinkangoseka. Iwo amaona ngati tataya masewera basi, osadziwa kuti tataya malo omwe tinkakatulako nkhawa. Ine mavuto a kuntchito ndinkawasiya pa kilomita yachisanu. Tsopano ndinkagona nawo.

Ndiye pali foni. Ndinkatsegula Strava, pulogalamu yomwe othamanga amaonetserana zomwe athamanga, kakhumi patsiku, kumaona uyu wathamanga makilomita 15, uyu 25, ine n'kumawayamikira ndi chala uku mtima ukuwawa. Nsanje yeniyeni, pa anthu omwe ndimawakonda. Wotchi yanga yoyeza kathamangidwe nayo inkandiuza tsiku ndi tsiku kuti mphamvu zikutsika, ngati kuti sindikudziwa. Ndinaivula n'kuiponya m'kabati, ndipo mpaka lero ndimati chimenecho ndicho chanzeru chokha chomwe ndinachita mwezi umenewo.

Apa ndilankhule zomwe ena sakondwa nazo. Ndatopa ndi kutamanda anthu othamanga ndi ululu. Kanema wa Derek Redmond, wothamanga wa ku Britain, sachedwa kuzunguliranso pa intaneti: Barcelona, 1992, liwiro la mamita 400, mnofu wa kuseri kwa ntchafu unaduka, bambo ake anatsika kuchokera kwa oonerera n'kumugwirira mpaka pafupi ndi mzere womalizira. Nane misozi imalengeza, sindikana. Koma aja anali ma Olympics, ndipo munthuyo anali atalephera kale kuthamanga ku Seoul mu 1988 chifukwa cha mtsempha womwewu wakuvutaniwu. Anali ndi chifukwa chake. Ife timatenga kanemayu n'kumadzilimbitsa naye mtima pa kathamangidwe ka Lachiwiri m'mawa komwe palibe ndi mmodzi yemwe akuonera. Limenelo ndi liuma. Ndikubwereza, ndi liuma, ndipo amene amauza mnzake wotsimphina kuti “limbikira, ululu uli m'mutu” amukana chibale.

Nkhani yomwe ndikanakonda izizungulira ndi ya Paula Radcliffe, mayi wothamanga wa ku Britain. Mu 2003 anathamanga marathon ya London, mpikisano wa makilomita 42, m'maola awiri, mphindi 15 ndi masekondi 25, nthawi yomwe palibe mayi anaiphwanya mpaka 2019. Chaka chotsatira anapita ku ma Olympics a ku Athens mwendo ukumuvuta, akumwa mankhwala ambiri ochepetsa kutupa, ndipo mankhwalawo anamusokoneza m'mimba. Atafika cha pa makilomita 36 anaima, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu akulira, dziko lonse likuona. Anthu anamunena zambiri. Mu Novembala chaka chomwecho anakapambana ku New York. Ndikakumbukira ibuprofen wanga uja ndimachita manyazi, chifukwa ine ndinalibe ngakhale mendulo ya dziko yoti ndiifere.

Koma kodi ndinamva? Pa sabata yachisanu ndi chimodzi ululu unali utatheratu, ndipo ndinadziuza kuti a fizio amangoonjezera masabata pofuna kudziteteza. Ndinatuluka mwakabisira, makilomita 5 okha. Tsiku lachitatu kaululu kaja kanabwerera pamalo pake penipeni, ngati kanangopita kukacheza. Ndinawonjezeredwa masabata ena 5. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo sindinaganizepo kuti mwambiwu ungadzandinene ine mwachindunji chotero.

Fupa litapola ndinkaganiza kuti ndawoloka. Ayi ndithu. Kamtunda kakang'ono kankandisiya wefuwefu, mtima ukugunda m'makutu, masana tulo. Atandiyeza magazi anapeza kuti ferritin, yemwe amasonyeza kuchuluka kwa ayironi wosungidwa m'thupi, anali pansi kwambiri. Mlandu wina unali wanga. Poopa kunenepa nthawi yomwe sindinkathamanga, ndinachepetsa kudya, pamene thupi linali pakalikiliki kumanga fupa. Mu 2014 komiti ya ma Olympics inapatsa vutoli dzina loti RED-S: munthu akamadya zochepa poyerekeza ndi ntchito yomwe thupi likugwira, mafupa amafooka, matenda amabwera pafupipafupi, ndipo kwa amayi msambo umatha kusokonekera kapena kusiyiratu. Limagwira abambonso. Ndichifukwa chake kalata yanu inandiimitsa. Mtsempha ndi magazi mwazilemba ngati matsoka awiri osiyana, koma mwina gwero lake n'limodzi, ndipo funso limeneli mukalifunse kwa dokotala wanu.

Pamwamba pa zonsezo kunabwera chimfine chotentha nacho thupi, nditangothamanga masabata atatu. Ulendo uno ndinagona phee. Kuthamanga thupi likutentha n'kusewera ndi mtima, chifukwa tizilombo tina timatha kutupitsa mnofu wa mtimawo, ndipo pamenepo nkhani siikhalanso ya masabata 6.

Nanga mphamvu zitha?

Zitsika, ndisakunamizeni. Mu 1984 wofufuza wina, Edward Coyle, ndi anzake anayeza akatswiri a masewera omwe anasiyiratu masewerawo. VO2 max yawo, yomwe ndi muyeso wa mpweya umene thupi limatha kugwiritsa ntchito likamalimbika kotheratu, inatsika ndi 7 peresenti m'masiku 21 oyamba, ndipo pofika masabata 8 inali itatsika ndi 16 peresenti n'kuima pamenepo. Ngakhale zinali choncho, anali akadali pamwamba pa anthu omwe sanachitepo masewera. Ndipotu akatswiriwo anangokhala osachita kanthu. Inu mukhoza kusambira, kupalasa njinga kapena kuthamanga m'madzi akuya, ngati a fizio avomera komanso magazi akulola.

Zoti muchite

Funsani a fizio kuti “kupuma” akutanthauza chiyani, chifukwa mtsempha sukonda kungokhala. Umachira ukamapatsidwa katundu woyezedwa bwino. Mu 1998 dokotala Håkan Alfredson wa ku Sweden anapatsa othamanga 15 ntchito yoimirira pa sitepe ndi zala n'kumatsitsa chidendene pang'onopang'ono, maulendo 180 patsiku kwa masabata 12, ndipo onse anabwerera kukathamanga. Koma ngati ululu wanu uli pamene mtsempha walumikizana ndi fupa la chidendene, kutsitsa phazi kupitirira sitepe kukhoza kuwonjezera vuto, ndiye musangotengera za pa intaneti. Ayironi imwani momwe dokotala wanenera, mudzayezetsenso magazi pakapita miyezi ingapo. Idyani mokwanira. Nthawi yanu yothamangira ija musaisiye yopanda kanthu, muikemo chinachake chotulutsa thukuta. Ndipo mukamadzayambiranso, woweruza akhale mmene chidendene chikumvekera m'mawa wotsatira mukangoponda pansi.

Za mutu kuzungulirazo ndilibe mankhwala. Chomwe chinandithandizako ine ndi kukaima m'mbali mwa msewu pa mpikisano womwe ndinayenera kuthamanga, n'kumagawa madzi. Ndinapita monyinyirika, ndikuganiza kuti nsanje indipha. Akutsogolo anadutsa ngati mphepo, osandiyang'ana n'komwe. Koma kumapeto kwenikweni kunabwera agogo ena, akuyenda pang'ono kuthamanga pang'ono, nkhope ili gwa, ndipo atalandira kapu anandiyang'ana mwendo n'kufunsa kuti, “Fupa kapena mtsempha?” Nditayankha anangogwedeza mutu, n'kuloza bondo lawo lomwe linali ndi chipsera chachitali, kenako anapitiriza ulendo.

Tsiku langa loyamba kubwerera ndinauzidwa kuti ndithamange mphindi imodzi, ndiyende mphindi zinayi, ndibwereze kasanu. Ndinavala nsapato zanga zabwino kwambiri chifukwa cha mphindi zisanu zimenezo. Mwana wina wasukulu anandipitirira akuyenda, chikwama kumsana, n'kundicheukira kawiri konse.

Mudzandilembere mukafika sabata yachinayi. Ululu ukatha pamene masabata asanathe, m'pamene nsapato zimayamba kuitana.