Kachilombo koletsa selo kufa

Mayi wina wanditumizira imelo, akuti mng'ono wake amupeza ndi HPV, kachilombo komwe kamatha kuyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndiye akufunsa kuti thupi likulephera bwanji kupha kachilomboka poti tili ndi chitetezo. Mayi, imelo yanuyi ndayiwerenga kawiri chifukwa yandikumbutsa azakhali anga.

Azakhali anayamba kutaya magazi atasiya kalekale kusamba, ife tonse pakhomo tinangoti alodzedwa, poti panali mkangano wa munda ndi achibale ndipo mukudziwa mmene zimakhalira kumudzi. Mbuzi ziwiri zinathera kwa asing'anga, nkhuku ndiye osawerenga, ine ndemwe ndinkawakweza panjinga. Pomwe tinkafika kuchipatala adokotala anangopukusa mutu, khansa ya khomo la chiberekero inali itafalikira. Mpaka lero munthu akati "zakumudzi izi" ndimapsa mtima, kunena zoona tinawachedwetsa ndife.

Nkhani ili apa. Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse likaonongeka kapena kulowedwa kachilombo limayenera kudzipha lokha mwakachetechete kuti anzake apulumuke, madokotala amati apoptosis. Mlonda woliuza kuti "basi, ifa" ndi puloteni ya p53. Tsono HPV, makamaka mtundu 16 ndi 18 yomwe imabweretsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi, imapanga puloteni yake E6 yomwe imagwira mlonda uja nkumupereka kuti aphwanyidwe. Inzake E7 imadula mabuleki otchedwa Rb omwe amaletsa selo kuswana mwachisawawa. Selo lofunika kufa lija m'malo mwake limangoswana, zaka 10, 20, mayi ali kumunda osadziwa kanthu. Harald zur Hausen wa ku Germany analandira mphoto ya Nobel mu 2008 chifukwa cholumikiza HPV ndi khansayi.

Si HPV yokha yochenjera chonchi. Mabanga akuda a khansa ya Kaposi aja tinkawaona kwambiri ma ARV asanabwere, kachilombo kake ndi HHV-8 komwe kanapezeka mu 1994, kameneko kanachita kukopera puloteni yathu yomwe ya Bcl-2 yoletsa selo kufa. Wakuba wobwera ndi kiyi wa mwininyumba.

Ndiye mng'ono wanu atani?

HPV siinakhale khansa ayi, kwa anthu ambiri thupi limaichotsa lokha pasanathe zaka 2. Asaphonye tsiku lomwe amuuza kuti akamuonenso, VIA ija yopaka viniga pakhomo la chiberekero, akapeza banga amaliwotcha lisanakule. Ngati ali ndi HIV asasiye ma ARV. Ana anu aakazi akabayitse katemera wa HPV, kuno ku Malawi anayamba kupereka mu 2019 kwa atsikana a zaka 9.