Mayi wa pa K200 uja ndi wa kwathu konkuno

Sabata yatha achemwali ena aku Chibavi ananditumizila imelo, akuti mwana wawo wa sitandade 6 anawafunsa kuti mayi ali pa K200 uja ndi ndani ndipo iwo anangoti kakasi, ndiye akufunsa ngati pali koti angamutengele mwanayo kuti akamve mbiri yake.

Achemwali, amenewo ndi mayi Rose Chibambo, anabadwira ku Kafukule ku Mzimba mu 1928. Ali ku Zomba anayamba kusonkhanitsa azimayi anzawo kuti nawonso alowe mu nkhondo yokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nthawi imeneyotu misonkhano ya chipani cha Nyasaland African Congress inkangodzadza azibambo okhaokha. Mu Malichi 1959 atsamunda atalengeza State of Emergency anawagwira ali ndi khanda la masiku ochepa chabe, analowa nalo m'ndende mwana ali kumabere, tangoganizani mwangochira kumene kenako mukugona pansi m'selo, ine ndikamaiganiza nkhani imeneyi mtima umandiwawa mpaka lero.

Ufulu uli pafupi anakhala mzimayi oyamba kulowa mu palamenti koma sizinakhalitse. Mu Seputembala 1964 Kamuzu anawachotsa pa udindo wawo m'boma limodzi ndi a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa ndi a Augustine Bwanausi, mayi Chibambo anathawira ku Zambia ndipo anakhalako zaka pafupifupi 30, kubwelera kuno ndi mu 1994. Zaka zonsezo dzina lawo sumalimva pa wailesi kapena mkalasi, nde musadzidzudzule kwambiri kuti simunawadziwe, ambirife tinakula choncho. Nkhope yawo inafika pa ndalama mu 2012, anamwalira mu Januwale 2016.

Za kotengela mwana, yambani ku Mzuzu Museum, kenako mu Ogasiti mupite naye ku phiri la Hora ku mwambo wa Angoni wa Umtheto akaone ingoma ndi maso ake. Apongozi aamuna a mayi Chibambo, abusa Yesaya Chibambo, ndi amene analemba mbiri ya Angoni aku Mzimba, ndiye banja limeneli kusunga zakale silinayambe dzulo.

Koma chomwe ndikukupemphani kwambiri nchakuti agogo amene anaona 1959 ndi maso awo atsala ochepa ndipo maliro akutipitilira mwezi ndi mwezi. Ngati kwanu alipo, mupite Loweruka likubwerali ndi shuga pang'ono, mwanayo afunse yekha mafunso, inu mungogwira foni nkujambula mawu. Akayamba Chitumbuka musawadule, alekeni afotokoze momwe akufunira, mudzamasulira mukafika kunyumba.