Kodi kupalasa njinga popita ku ntchito kumachepetsadi utsi wowononga nyengo?

Achimwene, mwafunsa ngati kusiya galimoto n'kumapita ku ntchito panjinga yakapalasa kungachepetsedi mpweya umene ukusokoneza nyengo. Mwati ku ntchito kwanu ndi makilomita 10, m'galimotomo mumakhala nokha, ndipo anzanu akukugwetsani ulesi ponena kuti munthu mmodzi sangasinthe kanthu, komanso kuti wopalasa amadya kwambiri ndiye chakudyacho chimabwezera pomwepo. Ine ndikuti yambani. Kumachepetsadi, ndipo ulendo ngati wanuwu ndi umene njinga imathandiza kwambiri kuposa maulendo ena onse.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa mpweya wa carbon dioxide wolemera pafupifupi makilogalamu 2.3, ndipo dizilo amafika pafupifupi 2.7. Ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa lita ya petulo payokha siikwana n'komwe kilogalamu imodzi. Chimene chimachitika n'chakuti mafutawo akamayaka, kaboni wake amagwirana ndi okosijeni wa mumpweya umene injini ikukoka, ndiye chotuluka kumbuyo chimalemera kuposa chimene munathira m'thanki. Tingoyerekeza kuti galimoto yanu imamwa malita 8 pa makilomita 100. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 20, ndiye kuti malita 1.6 patsiku, amene ndi makilogalamu pafupifupi 3.7 a mpweyawo. Masiku a ntchito pachaka akakhala 220, mwadutsa kale makilogalamu 800. Ndipo pamenepa ndaikomera mtima galimotoyo, chifukwa m'mawa injini isanatenthe imamwa mafuta ambiri, komanso kuima n'kunyamuka pamzere wa magalimoto kumatha mafuta kuposa kuyenda pamsewu wopanda chokuimitsani. Ulendo waufupi wa mumzinda ndi umene galimoto imawononga kwambiri pa kilomita iliyonse.

Za chakudyazo, anzanuwo sananame zonse, wopalasa amamvadi njala. Koma ena anaziwerengera kale. Mu 2011 bungwe la European Cyclists' Federation linaphatikiza zonse, kupanga njingayo kufakitale, kuikonza, ndi chakudya chowonjezera chimene wopalasa amadya, n'kupeza magalamu 21 a mpweyawu pa kilomita. Munthu wa pagalimoto anamupeza ndi magalamu 271. Apa galimoto ikuposa njinga kuwirikiza kopitirira ka 10. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: galimoto imalemera tani imodzi kapena kuposa, ndipo mafuta ambiri amathera kukankha chitsulo chimenecho, osati inuyo. Kuwonjezera apo, mphamvu zambiri za mafutawo sizifika n'komwe kumatayala, zimangotayika ngati kutentha. Gwirani boneti mukangofika mudzamva kumene ndalama zanu zapita.

Mu 2021 ofufuza otsogoleredwa ndi Christian Brand wa ku yunivesite ya Oxford anatulutsa zimene anapeza atatsatira kayendedwe ka anthu m'mizinda 7 ya ku Ulaya. Anaona kuti munthu akangosintha ulendo umodzi patsiku, kuchoka pagalimoto kupita panjinga, amachepetsa pafupifupi theka la tani ya mpweyawu pachaka. Ulendo umodzi wokha, osati kugulitsa galimoto.

Koma pali chimodzi chimene ndikufuna muchigwire. Phindu lonseli limabwera pokhapokha galimotoyo ikagona pakhomo. Mukapalasa inu, wina wa m'nyumba n'kutenga makiyi kumazungulira nayo tsiku lonse, palibe chapulumuka. Amene amayenda kale pabasi yodzaza akasintha n'kuyamba njinga amachepetsa pang'ono chabe, chifukwa utsi wa basiyo amagawana anthu ambiri. Inuyo mumayenda nokha m'galimoto ya mipando isanu, n'chifukwa chake kwa inu kusinthaku n'kwakukulu.

Zoti munthu mmodzi sangasinthe kanthu, n'zoona kuti njinga yanu siiletsa chilala kapena kusefukira kwa madzi chaka chamawa. Komabe zamtengatenga zimatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a carbon dioxide yense wochokera ku kuwotcha mafuta, malasha ndi gasi padziko lonse, ndipo wambiri mwa ameneyo amachokera pamsewu. Mulu umenewu supangidwa ndi chimphona chimodzi ayi, ndi maulendo wamba ngati wanuwu, mamiliyoni ambirimbiri m'mawa uliwonse.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si masamu a utsi, ndi ngozi, ndipo sindikufuna kukunamizani kuti palibe. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Anthu ambiri amene amakana kupalasa si aulesi, amaopa kugundidwa, ndipo mantha awowo ndi omveka. Dziko la Netherlands, limene lero timalitchula ngati kwawo kwa njinga, silinabadwe choncho. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pangozi za pamsewu kumeneko, ndipo ana anali oposa 400. Makolo anakwiya, anayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord lofuna kuti ana asiye kuphedwa m'misewu, kenako vuto la mafuta la mu 1973 linapangitsa boma kuletsa magalimoto kuyenda Lamlungu kwa kanthawi. Kuchokera pamenepo anayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za magalimoto ndi kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu. Lero pafupifupi ulendo umodzi pa maulendo anayi alionse m'dzikolo ndi wa panjinga. Anthu sanalimbe mtima mwadzidzidzi, misewu ndi imene inasintha, ndipo inasintha chifukwa anthu anakakamira.

Ndiye podikira kuti misewu ya kwanuko isinthe, dzitetezeni. Musatsate njira imene mumadutsa pagalimoto chifukwa choti ndiyo mwazolowera. Funani misewu yam'mbali yopanda liwiro, ngakhale italikeko pang'ono, ndipo muiyese kaye tsiku lopuma musanapanikizike ndi nthawi. Choopsa kwambiri ndi lole kapena basi pamphambano. Musalowe pakati pa loleyo ndi m'mphepete mwa msewu, ngakhale itaima ndipo mpata ukuoneka wokwanira. Dalaivala ali pamwamba, pambali pakepo sakuonani, ndipo ikayamba kukhota matayala akumbuyo amadula njira n'kulowa mkati, mpata uja n'kutsekeka inu muli momwemo. Imani kumbuyo kwake, ipite. Mukamadutsa magalimoto oimikidwa siyani mpata wa chitseko chathunthu, chifukwa munthu amatsegula osacheuka. Nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo zikhalepo ngakhale mukuganiza kuti mufika kusanade, chisoti chikhale chomanga bwino pachibwano, mabuleki onse awiri azigwira.

Ngakhale ngoziyo ilipo, thupi limapindula kwambiri. Ofufuza a ku yunivesite ya Glasgow anatsatira anthu oposa 260,000 ku Britain, ndipo mu 2017 analengeza kuti opita ku ntchito panjinga anali ndi chiopsezo chochepa ndi 41 peresenti cha kufa msanga poyerekeza ndi oyenda pagalimoto kapena pabasi. Makilomita 10 amatenga mphindi 35 kapena 40 mosathamanga, ndiye masiku awiri okha mwakwanitsa pafupifupi mphindi 150 zolimbitsa thupi zimene akatswiri a zaumoyo amalimbikitsa pa mlungu.

Pa mfundo yomweyo, yambani ndi masiku awiri pa mlungu. Tsiku la mvula yamphamvu kapena limene muli ndi katundu, tengani galimoto popanda kudziimba mlandu. Thukuta limachepa mukachotsa chikwama kumsana n'kuchimangirira pakaliyala, mukanyamuka msanga kuti musamathamange, ndiponso mukamagwiritsa ntchito magiya opepuka pachitunda m'malo molimbana nacho. Malaya a ku ntchito apindeni m'chikwama mukavalire komweko. Matayala azikhala opopa bwino, chifukwa tayala lofewa limalemetsa njinga komanso limaphwa msanga. Pampu yaing'ono ndi chubu chapadera ziziyenda nanu, ndipo loko akhale wolimba, womangira felemu ku chitsulo chosazuka, osati tayala lokha. Mukayamba, kafunseni abwana anu malo otetezeka oimikapo njinga ndi posinthira zovala, ndipo ngati alipo anzanu ena ofuna kuyesa, mukapemphe limodzi.