Lipoti la kompyuta likutsutsana ndi ntchito yathu: tiyambire pati?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa kalaliki wa data pa chipatala china chaching'ono ku Kasungu, ndipo ikukhudza viral load, komwe ndi kuyeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'magazi. Akuti: "Kotala yathayi tinatenga magazi a viral load kwa anthu ambiri, koma lipoti la mu kompyuta likuti tili pansi kwambiri. Akuluakulu akutiona ngati aulesi. Kodi makinawa ndi olakwa?"

Achimwene, zikomo polemba, ndipo ndikumva kuwawa kwake. Makina amalakwadi nthawi zina, koma musathamangire kumeneko. Isiyeni kaye peresentiyo, mutsate anthu mmodzimmodzi.

Muyeso uliwonse wa mu lipoti, monga peresenti imeneyi, uli ndi nambala ziwiri. Yapansi ndi ya anthu amene amayenera kulandira chithandizocho m'nyengo imene ikuwerengedwa, yapamwamba ndi ya amene analandiradi. Ambiri timayang'ana yapamwamba yokha, chonsecho vuto limakonda kubisala mu yapansiyo. Tulutsani mndandanda wa anthu amene kompyuta ikuti anayenera kuyezedwa koma sanayezedwe. Sankhanipo 20, mutenge ma mastercard awo (makadi a odwala amene amasungidwa pa chipatala), mukhale nawo pa tebulo limodzi ndi namwino wa ku ART, komwe anthu amalandirira ma ARV.

Funso loyamba pa aliyense: kodi munthuyu amayeneradi kukhala pa mndandandawu? Amene wayamba ma ARV miyezi iwiri yapitayo sanafike pa viral load yoyamba, yomwe imatengedwa pa miyezi 6. Ngati akuoneka, onani tsiku loyambira mankhwala, mwina chaka chinalembedwa molakwika. Ndiye pali nkhani ya kwanu kuno ya matenanti a m'maesiteti a fodya. Msika ukatha ambiri amabwerera kwawo, ena osatenga kalata ya transifa. Akukalandira mankhwala kwina, koma kwa inu akuwerengedwabe. Winanso anataya buku lake la kuchipatala, anapatsidwa nambala yatsopano, basi wasanduka anthu awiri: wina ali ndi zotsatira, mnzake alibe.

Mukatha apo bwerani ku masiku, pakuti apa m'pamene ndimapeza zambiri. Kutenga magazi ndi kulandira zotsatira ndi zinthu ziwiri. Magazi otengedwa kumapeto kwa Juni, zotsatira n'kubwera mu Julayi, amagwera kotala ina ngati muyesowo ukuwerenga tsiku la zotsatira. Funsani kuti ukuwerenga liti. Ganiziraninso masiku amene magetsi anazima, mukulemba pa pepala. Polowetsa pambuyo pake, kodi munaika tsiku limene wodwala anabwera, kapena kompyuta inangotenga tsiku lomwe mumalowetsalo? Ndipo pepala la ku labu likangomatidwa pa mastercard osalowetsedwa, makina amangoti munthuyo sanayezedwe. Onaninso zotsatira zolembedwa LDL, zosonyeza kuti kachilombo kachepa mpaka kosawerengeka. Ngati zinalowa pamalo olakwika, munthu amene ali bwino kwambiri akhoza kusowa pa gulu la amene viral load yawo ili pansi pa 1,000, omwe amawerengedwa kuti kachilombo kachepa.

Chinanso, malipoti awiri atha kusiyana onse ali olondola. Unduna wa Zaumoyo umati munthu wasiya mankhwala pakatha miyezi iwiri chimuthereni mankhwala, pamene PEPFAR, ndondomeko ya boma la America yothandiza pa nkhani ya Edzi, imawerenga masiku 28. Nambala yapansi isiyana basi. Musanafanizire lipoti la pa chipatala ndi zomwe zili mu DHIS2, pulogalamu ya kompyuta imene Unduna umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, tsimikizani kuti tanthauzo ndi nyengo yake n'zofanana.

Pali chimodzi chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse. Konzani chokhacho chimene pepala likuchitira umboni. Musasinthe tsiku kapena kulemba transifa yongopeka kuti peresenti ikwere. Mwa anthu 20 aja mupezamo ena amene sanayezedwedi, ndipo amenewo ndi ofunika kuwaimbira foni kapena kuwatumizira alangizi a zaumoyo sabata yomweyi.

Akatsala anthu amene zonse zili bwino, tsiku lolondola, zotsatira zinalowa, koma lipoti likuwasiyabe, pamenepo ndiye vuto lili m'mawerengedwe a makina. Alembereni osamalira pulogalamu ya kompyuta ya pa chipatala panu. Atumizireni dzina la muyeso, kotala yake, nambala za odwala atatu kapena anayi popanda maina, ndi chimene mumayembekezera kuona pa aliyense. Zithunzi za ma mastercard musaziponye pa gulu la WhatsApp, apatseni pamanja akabwera kudzayendera.