Za galu wanu ku koleji ya ku America

Achimwene, mwafunsa ngati mungamalowe ndi galu wanu mkalasi poti amakukhazikani mtima pansi nkhawa zikakula. Ndikumvetsa ndithu, koma kumeneko amasiyanitsa. Galu wophunzitsidwa ntchito, monga kulondolera munthu wosaona, lamulo loteteza anthu olumala la ADA (Americans with Disabilities Act) la 1990 limamulola mkalasi, mulaibulale ngakhale kodyera, ndipo sangakufunseni mapepala ayi, amangofunsa ngati muli naye chifukwa cha ulumali komanso ntchito yomwe anaphunzira. Wanuyo poti ndi wongotonthoza amagwera mu Fair Housing Act, lamulo loletsa tsankho pa nkhani za nyumba, ndiye azikhala nanu ku hositelo basi, bola mukapereke kalata ya adokotala ku ofesi yoona za olumala. Pitaniko msanga semesita isanayambe.