Kuchoka pa Chileka kukatera ku Lumbadzi, ndi mphindi zingati?

Bambo wina wa kwathu kuno ku Chitakale, ku Mulanje, wanditumizira imelo. Ali ndi msonkhano ku Capital Hill mwezi wamawa, ndiye akufunsa kuti: "Kodi kuchoka pa bwalo la ndege la Chileka kukafika pa la Kamuzu pali mtunda wotani? Ndege imatenga nthawi yaitali bwanji? Kapena ndingokwera basi?"

Achimwene, mumlengalengamo ndi pafupi zedi. Mabwalo awiriwa atalikirana makilomita pafupifupi 250, pomwe pamsewu wa M1, wodzera pa Zalewa, Ntcheu ndi Dedza, kuchoka mu Blantyre kufika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300. Ndege ya Malawi Airlines imatenga mphindi 40 kapena kupitirirako pang'ono. Ine tsiku loyamba kukwera ndinakhala cha pazenera, n'kuona Shire akunyezimira pansipo ngati ulusi. Madzi amene anatipatsa ndisanawamalize n'komwe, ndinangomva akulengeza kuti timange malamba, tikutera.

Komatu ulendo wanu suyambira pa Chileka. Ukuyambira pa siteji ya Chitakale, pamene minibasi sinyamuka isanadzaze, kondakitala akukuwa "Limbe! Limbe!" inu maso ali pa wotchi. Kudzera msewu wa Midima, wa pa Nkando uja, muwerengere ola ndi theka kuti mufike mu Limbe, ndipo kukagwa chiperoni, nkhungu itaphimba msewu, woyendetsa wanzeru sathamanga. Tsono Chileka ili kuseri kwina, makilomita pafupifupi 16 kumpoto kwa Blantyre. Mudutse Limbe yense, Chichiri, Ginnery Corner, m'mawa galimoto zitathithikana, ola lina latha. Pabwalopo mufike kudakali ola lathunthu ndege isananyamuke. Mukatera ku Lumbadzi, komwe kuli bwalo la Kamuzu, patsalanso makilomita pafupifupi 25 kuti mulowe mu mzinda, ngakhale apa mwayi ndi wanu, chifukwa Capital Hill ili mbali yomweyo ya kumpoto. Zonse pamodzi zikukwana maola anayi ndi theka kapena asanu.

Basi yochoka mu Blantyre imatenga maola anayi ndi theka kapena asanu, mukaphatikiza ulendo wochoka kuno akukwana ngati asanu ndi awiri. Choncho ndege ikupulumutsirani maola awiri okha, pamtengo wokwera kangapo.

Ngati tikiti akulipira ndi akuntchito, kwerani ndege, koma mukagone mu Blantyre dzulo lake. Musayerekeze kudzukira ku Mulanje kuthamangira ndege ya m'mawa, siidikira munthu. Ngati ndalama ikuchoka m'thumba mwanu, nyamukani pa basi kutatsala tsiku limodzi, mukagone ku Lilongwe, m'mawa mulowe mumsonkhano mutapuma bwino. Masiku ndi nthawi zonyamukira ndege zimasinthasintha, ndiye musanagule tikiti mufunse kaye ku ofesi yawo ngati tsiku lanulo kuli ya m'mawa.